ZA KUGAWANA NCHITO YA KUWETA MPINGO

Mau olankhulidwa kwa Akristu, akuru a mpingo ndi aphunzitsi a klasi pa tsiku la Cikondwerero



Pa tsiku lotere uli mwambo wabwino kuwerenga maina a abusa amene anatumikira pa malo, kuyambira woyamba kufikira iye amene ali pakati pathu tsopano. Ndipo kuyenera kutero, pakuti anthu amenewo anagwira nchito yolemetsa, ena a iwo nasiya manda a akazi ao ndi a ana ao m'dziko lino. Koma munthu akawerenga mainawo apeza kuti atha msanga, osadzaza ndi tsamba limodzi lomwe la kabuku aka. Ndipo akakweza maso kuona khamu limene lakhala pansi pa mitengo, nakumbukiranso makamu ena amene anatsogola kumanda, ayamba kuzizwa. Anthu owerengeka otere anaweta bwanji nkhosa zambiri zotere? Limeneli ndilo funso limene tifuna kuliyankha lero.

Tiyambe ndi zimene zidziwika bwino. Pa 28 November 1889 Andrew Charles Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga hema wao pa Mvera, m'dziko la mfumu Ciwere. Anali amuna awiri okha, alendo, osadziwa bwino cinenero ca anthu, ndi malungo osawaleka. M'caka ca 1894 Robert Blake anayamba nchito pa Kongwe, kwa Msakambewa. M'caka ca 1896 nchito inayambika pa Nkhoma, kwa Mazengera. Mlanda inatsata mu 1902, ndi Mphunzi mu 1903. Tikachula malo awa motsatana cotere kumveka ngati dziko linadzala ndi amisyoni. Koma yense amene anayendapo ndi miyendo kucokera ku Mvera kufikira ku Kongwe adziwa kutalika kwace, ndi kucuruka kwa midzi iri pakati. Mmisyoni akanyamuka ulendo pa macila kapena pa buru, anafika pa mudzi umodzi kamodzi kapena kawiri pa caka, nagonapo usiku, napitirira m'mawa mwace. Nanga masiku ena onse a caka mudziwo unatsala ndi yani?

Unatsala ndi mphunzitsi. Munthu ameneyu tiyenera kumpenyetsetsa, pakuti dzina lace silinalembedwe pa mwala uli wonse. Kawirikawiri anali mnyamata amene iye mwini anadziwa kuwerenga zaka zowerengeka zapitazo, wotumidwa ku mudzi umene sunali wa kwao, ndi mkazi wace, ndi mphasa, ndi mabuku awiri kapena atatu m'thumba. Anayamba wapempha malo kwa nyakwawa, namanga kasukulu ka mitengo ndi udzu, kamene pa Sabata kanasanduka chalichi. M'mamawa anaomba ng'oma kapena citsulo ca khasu lakutha, kuitana anthu ku mapemphero. Masana anaphunzitsa ana a, e, i, o, u. Madzulo anakhala ndi anthu a msinkhu amene anacita manyazi kuphunzira pamodzi ndi ana ao. Munda analima yekha, pakuti malipiro ace anali ocepa. Kumene eni dambwe anaona kuti sukulu iri kuwalanda anyamata, iye ndiye anasenza mkwiyo wao, mzungu ali kutali. Ndipo pakudwala munthu usiku, kapena pakumwalira Mkristu woyamba wa m'mudzimo, abale ali kulimbana za maikidwe ace, panalibe nthawi ya kutumiza mthenga ku Misyoni. Mphunzitsi anaimirira yekha pamanda, napemphera monga anakhoza.

Ndipo sizinacitike kwathu kuno kokha. Pamene Dr Robert Laws ndi anzace anacoka ku Cape Maclear m'caka ca 1881 kunka ku Bandawe, cifukwa ca matenda ndi imfa zimene zinawagwera pa malo aja, anasiya nchito ya kumeneko m'manja mwa Albert Namalambe, amene anabatizidwa caka comweco, woyamba wa onse m'Misyoni ya Livingstonia. Sanamsiyire popeza anali atatsiriza maphunziro onse, koma popeza panalibe wina; ndipo nchitoyo siinafe m'manja mwace.

Pamene ofuna ubatizo anayamba kucuruka, cinaoneka cosowa cina. Munthu anakhala m'klasi zaka zingapo, ndipo pakufika nthawi ya kuyesedwa mmisyoni anakhoza kumfunsa mafunso a m'Katekisma ndi kumva ngati ayankha bwino. Koma ngati munthuyo amenya mkazi wace, ngati asunga zithumwa pa tsindwi, ngati abweza ngongole za anzace, izi anazidziwa anansi ace okha. Cifukwa cace akuru a mpingo anasankhidwa mwa Akristu eni ace. Ndipo m'caka ca 1903 unakhazikitsidwa msonkhano wa mipingo yonse ya Misyoni yathu, m'mene akuru a kuno anakhala pamodzi ndi amisyoni kupangana za makhalidwe oyenera Akristu. Mizu ya buku lathu la Zolamulira iri m'misonkhano yotere. Mkristu wina akaliwerenga lero ayesa kuti malamulo onse anadza pa nyanja. Koma zambiri za ukwati, za mowa, za cinamwali ndi za maliro sizikadaweruzika popanda akuru amene anabadwira m'miyamboyo, nadziwa pamene pali coipa ndi pamene palibe.

Njira imeneyi siinayambe ndi amisyoni. Mukumbukira mbiri ya Mose m'cipululu, m'buku la Eksodo mutu 18, pamene mpongozi wace Yetero anampeza atakhala pa bwalo kuweruza mirandu yekha, anthu ali ciriri kumzinga kuyambira m'mawa kufikira kulowa kwa dzuwa. Kawirikawiri tikamva mbiriyi timcitira cifundo Mose, kuti analema. Koma Yetero anaona kulema kwa mbali ziwiri, kwa woweruza ndi kwa odikira. Taganizani za mai wamasiye wakudza ndi kamlandu kace kakang'ono, naima tsiku lonse ndi mwana kumbuyo, nabwerera osamveka, mawa lace osabweranso. Mtsogoleri akasenza zonse yekha timtama kuti ali wacangu. Koma amene alipira mtengo wa cangu caceco ndiwo aja ali kumapeto a mzere. Uphungu wa Yetero unali wakuti anthu agawidwe magulu magulu, kufikira kagulu ka anthu 10, ndi kuti gulu liri lonse likhale naye wolisamala. Kagulu kakang'onoko mukasunge mumtima, pakuti tidzabwererako.

Momwemonso m'buku la Macitidwe mutu 6, pamene Akristu olankhula Cihelene anadandaula kuti amasiye ao analambalalidwa pa kugawa cakudya. Atumwi sanakane mlanduwo, ndipo sanalonjeze kuti adzayesetsa okha kugawa bwino. Anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 ndi kuwapatsa nchitoyo. Tapenyani maina a osankhidwawo: onse ali maina a Cihelene. Kuoneka kuti mbali yomweyo imene inadandaula ndiyo inapatsidwa thumba. Pambuyo pa ici mlembi atiuza kuti ciwerengero ca ophunzira cinakula ndithu mu Yerusalemu. Ndipo awiri a iwo amene anasankhidwira kugawa ufa, Stefano ndi Filipo, anasanduka alaliki amphamvu.

Tsono popeza lino liri tsiku la kukumbukira, tikumbukire zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Kugawira mwana wa dziko lino nchito ya sukulu ndi ya ukuru wa mpingo kunacitika msanga. Koma kumpatsa ubusa weni weni, kuti abatize ndi kugawa Mgonero, kunacedwa ndithu. Misyoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo abusa ace oyamba a kuno, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911, zitapita zaka 35. Ngakhale David Clement Scott anali atapatula kale anyamata ena kukhala atumiki m'zaka za m'ma 1890, nawakhulupirira ndi nchito zazikuru, azungu anzace ambiri osakondwera nazo. Livingstonia inayamba mu 1875, ndipo Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa anadzozedwa mu 1914, zitapita zaka 39. Kwathu kuno, kuyambira tsiku lija la pa Mvera kufikira kudzozedwa kwa Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza mu 1925, zinapita zaka 36. (Mbiri ya moyo wa Katengeza inalembedwa ndi Samuel Ntara, ndipo mphunzitsi wa klasi amene angalipeze bukulo adzacita bwino kuliwerenga.) Mbadwo wathunthu wa aphunzitsi unalalikira, nukalamba, nufa, wopanda mmodzi wa iwo kuloledwa kunyema mkate pa gome la Ambuye.

Amisyoni anali nazo zifukwa zao. Anaopa kuika manja msanga pa munthu amene angadzagwe ndi kugwetsa ambiri, ndipo mantha otere sali oipa konse. Koma kucedwako kunali nao mtengo wace. Charles Domingo, amene analeredwa pa khomo la Laws natsiriza maphunziro a ubusa, anadikira zaka osadzozedwa, nacoka ca m'ma 1908. Mwasi, ngakhale anadzozedwa, anapatuka mu 1933 nayambitsa mpingo wina kwa Atonga, ndipo Akristu ambiri anamtsata. Sitinaime pano kuweruza akufa. Mirandu yao inali ndi mbali zambiri. Koma cimodzi cioneka poyera: munthu wa mphatso akauzidwa caka ndi caka kuti adikire, osamuuza tsiku, mphatso yace siifa iai, ainyamula nanka nayo kwina, ndi nkhosa zina zimtsata.

Za pambuyo pace muzidziwa. Mu 1924 Blantyre ndi Livingstonia zinalumikizana kukhala mpingo umodzi wa C.C.A.P., ndipo Nkhoma inalowamo mu 1926. Mu 1956 ma Presbiterio atatuwo anasanduka ma Sinodi. Ndipo mu 1962 Misyoni inapereka nchito zace ndi katundu wace m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma. Ena anayesa kuti pamenepo nkhani ya kugawana ulamuliro yatha. Siinathe. Mpando uja wa Mose sufunsa khungu la munthu wokhalapo. Mwana wa dziko lino akhoza kukhalapo yekha monga mzungu, ndipo Akristu eni ace akhoza kumkakamiza kukhalapo iye osafuna.

Taonani umo ziriri m'mipingo yambiri masiku ano. Mbusa ali mmodzi, Akristu ali zikwi, nyumba za mapemphero ziri zambiri ndi zotalikirana. Ali nayo njinga yamoto imene Murray analibe, ali nayonso lamya ya m'manja. Koma zimenezi zacurukitsa omuitana, osacurukitsa maora a tsiku. Pa mudzi pakagwa maliro, abale afuna abusa okha, ndipo mkuru wa mpingo akafika m'malo mwao ayesa kuti apeputsidwa. Wodwala akapemphereredwa ndi mkuru wa dera lace ayamika ndi pakamwa, koma mumtima adikirabe pemphero lina limene ayesa lamphamvu koposa. Maganizo awa sacokera m'Mau a Mulungu. Mbusa anapatulidwa kuti alalikire, aphunzitse, abatize ndi kugawa Mgonero. Koma pemphero lace liribe njira yaceyace ya kumwamba. Ndiponso makolo anati mlendo ndi mame. Mbusa akhala pa mpingo zaka zingapo, naitanidwa kwina; mkuru wa mpingo anabadwira pompano, atunga madzi pa citsime comweco ndi anthu ace, ndipo adzaikidwa ku manda omwewo. Amene adziwa kuti banja lakuti linayamba kugwedezeka caka cija ca njala ndi yani mwa awiriwa?

Tsono tilankhule ndi inu akuru a mpingo, pakuti katundu wamkuru ali pa mapewa anu. Nchito yanu yoyamba siiri pa bwalo la mirandu, ndipo siiri pa mpando wa kutsogolo m'chalichi. Iri m'nyumba za anthu a dera lanu. Kuli midzi kumene ana akaona mkuru wa mpingo ali kulowa pa khomo athamangira kukauza amao, ndipo amaowo ayamba kufunsa mumtima kuti kwagwanji. Pakuti anazolowera kuti mkuru afika pa zifukwa ziwiri zokha, kutolera ndalama kapena kuitanira munthu ku mlandu. Pamene zafika potere kuweta kwatha, kwatsala kukhometsa msonkho. Mkuru woweta afika pamene palibe mlandu. Akhala pa khonde, nafunsa za munda ndi za mwana amene analemba mayeso, nawerenga Mau pang'ono, napemphera, napita. Akatero kawiri kapena katatu pa caka, tsiku limene adzafika ndi mau olemetsa adzalandiridwa monga mbale. Ndipo kawirikawiri tsikulo silifika konse, popeza anaona utsi moto usanagwire denga. Kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu saulula cimene cimsautsa kwa mlendo wothamanga.

Ndi apa tibwerera ku kagulu kaja ka Yetero. Palibe munthu, ngakhale wacangu cotani, amene ali ndi munda wace ndi banja lace, angathe kuyendera nyumba 60. Akapatsidwa zotere adzayendera za pafupi ndi za abwenzi ace, nadziwa zinazo ndi maina okha a m'buku. Ife tiyesa kuti nyumba 10 kapena 15 zimkwanira munthu mmodzi; ndipo dera likakula kuposa apa, kuli bwino kuligawa ndi kusankha mkuru wina, ngakhale wosankhidwayo akhale wosadziwa kulankhula bwino pa gulu. Ambiri amene aweta bwino sali alaliki; ndipo mpingo umene usankha akuru ace pakumva mau ao pa guwa pokha udzakhala ndi olankhula ambiri ndi oyendera ocepa.

Palinso nkhani ya iwo amene aikidwa pa cilango. Bwalo la akuru likaimitsa munthu ku Mgonero licita cimene liyenera, ngati mlandu wamveka bwino ndi mboni zace. Koma cilango ca mpingo cinaikidwa kuti cibweze munthu. Tsono atatuluka pa bwalo ali ndi manyazi, adzamtsata ndani sabata yomweyo? Kambiri palibe. Akhala pa mpando wa kumbuyo Sabata ziwiri kapena zitatu, naona maso a anthu, naleka kubwera. Ndipo patapita caka timva kuti analowa mpingo wina umene unamlandira ndi manja awiri, kapena kuti sapita kwina kuli konse. Kukadakhala bwino kuti pa tsiku lomwelo la kuweruza, bwalo lichule dzina la mkuru mmodzi, kapena la mai mmodzi wokhwima ngati wolangidwayo ali wamkazi, amene adzayenda naye kufikira tsiku la kubwezedwa kwace, ndi kuti dzinalo lilembedwe m'buku pamodzi ndi ciweruzo.

Tachula amai, ndipo tiyenera kukhalapo pang'ono. Cigwirizano ca amai cinakhazikitsidwa m'caka ca 1940, koma amai anali kuweta kale comwe cisanakhale ndi dzina. Alangizi ndiwo analandira nchito yobvuta ya kulangiza anamwali m'njira ya Cikristu, pamene mpingo unakana cinamwali ca kale ndipo panafunika cina colowa m'malo mwace. M'zaka zija za m'ma 1990, pamene nthenda ya Edzi inadzaza manda ndipo maliro anali sabata ndi sabata, amene anasambitsa odwala, naphika phala, nagona pa siwa, natola ana amasiye, ambiri anali amai a malaya oyera ndi duku loyera. Mai adziwa msanga nyumba imene yagona ndi njala, mtsikana amene ali ndi pakati, mkazi amene abisa mabala. Bwalo la akuru limva zimenezi potsiriza, zitasanduka mlandu. Mpingo wanzeru ufuna njira yakuti cidziwitso ca amai cifike kwa oweta nthawi ikali yabwino, ndi kuti mau ao amveke pamene zinthu ziri kupanganidwa, osangowaitana pa kuphika nsima ya msonkhano.

Ndipo inu aphunzitsi a klasi, ndinu adzukulu eni eni a mphunzitsi uja wa kasukulu ka udzu. Khomo la mpingo liri m'manja mwanu. Mwana amene ali m'klasi mwanu amva dzina lace liri kuitanidwa sabata ndi sabata. Akajomba mumfunsa, akadwala mudziwa. Koma tsiku la ubatizo kapena la kulandiridwa likapita, ndi zobvala zatsopano zitasungidwa m'bokosi, alowa m'khamu la anthu zikwi m'mene palibe woitananso dzina lace. Apa ndi pamene anyamata ndi atsikana ambiri atayikira, m'caka coyamba ca Ukristu wao, ndipo palibe amene aona tsiku limene analeka kubwera. Cifukwa cace nchito yanu isathere pa mayeso. Mumtenge mwanayo ndi kumpereka m'manja mwa mkuru wa dera lace pamaso ndi pamaso, mumlowetse m'mlaga wa kwao, mumpezere kanchito, kangakhale ka kuyala mipando kapena kuimba m'kwaya. Ndipo itapita miyezi 6 mufunse za iye. Pa kuphunzitsa komwe, kuloweza mayankho a Katekisma kuli kwabwino, pakuti cimene munthu analoweza ali mwana cimtsata kufikira pa mphasa ya imfa. Koma mufunsenso ndi mau anu a kumudzi, kuti muone ngati wamva, kapena angobwereza monga cinkhwe.

Za kukula kwa mpingo timva ziwerengero pa misonkhano, ndipo tikondwera nazo. Koma kawirikawiri awerengedwa olowa pa khomo la kutsogolo, osawerengedwa oturuka mwakacetecete pa la kumbuyo. Mpingo ukula monga nthoci: tsinde likabala ana ambiri ndipo mwini munda akana kuwapatula, onse apanikizana nabala mikoko yaing'ono, akawazula ndi kuwaoka pa okha, munda udzala. Mipingo yambiri imene iri m'Sinodi lero inayamba monga nyumba za mapemphero za mipingo yakale ya pa Misyoni. Komatu si kamodzi kokha kuti mpingo waukuru ukaniza nthambi yace kuima pa yokha cifukwa ca kuopa kucepa kwa zopereka. Ndipo si kamodzi kokha kuti nthambi ifulumira kupatuka popeza yafolera chalichi ndi malata, iribe akuru okhwima. Cizindikiro cakuti nthambi yakula si malata, koma anthu ace amene adziwa kale kuyendera odwala, kuphunzitsa klasi, kusunga ndalama mokhulupirika ndi kuyanjanitsa okangana popanda kudikira a ku likulu. Anansi athu a Katolika anaona comweci. Pamene Patrick Kalilombe anali episkopi wa Lilongwe anacititsa msonkhano wa dayosizi yonse kuyambira 1973 kufikira 1975, ndipo anapangana kugawa Akristu ao m'timagulu ta m'midzi timene acha miphakati, popeza wansembe mmodzi sakadatha kufika ponse. Ife tiri nayo miraga yathu. Ndipo m'zaka za 2020 ndi 2021, pamene boma linacepetsa ciwerengero ca anthu osonkhana pamodzi cifukwa ca mliri, kunaoneka msanga kumene miraga inali ndi moyo ndi kumene inali maina okha.

Tisanamizane kuti kugawana ulamuliro kulibe zobvuta zace. Cinthu cimene munthu mmodzi akadatsiriza m'mawa umodzi, bwalo licikamba miyezi itatu. Pali mabwalo amene anasanduka a banja limodzi, mkuru ndi mphwace ndi mkamwini wace, kotero kuti Mkristu wa mtundu wina aopa kutulako nkhawa yace. Pali akuru amene agwira udindo monga ufumu, osalola mnyamata kuyandikira. Amenewa acita kwa ana ao comwe cija cinacitidwa kwa Domingo. Ndipo coopsa koposa ndico pakamwa: cinsinsi cimene munthu anaulula kwa mkuru wace usiku cikamveka pa citsime m'mawa, munthuyo sadzaululanso kanthu, ndi anansi ace omwe adzatseka pakamwa. Mbusa nayenso ali nalo yeso lace, ndilo nsanje pakuona kuti anthu akonda ulaliki wa mkuru wina, kapena kuti apita kwa mlaliki ndi nkhawa zao. Akumbukire mbiri ya Elidadi ndi Medadi m'buku la Numeri mutu 11, amene ananenera m'cigono osakhala pamodzi ndi anzao ku cihema. Yoswa anafuna kuti aletsedwe, koma Mose anakana, nalakalaka kuti anthu onse akadalandira Mzimu womwewo. M'makonzedwe a mpingo wathu mbusa atsogolera bwalo, koma saweruza yekha; ndipo ngakhale mtsogoleri wa Sinodi yonse asankhidwa kwa nthawi, nabwerera ku mpando wace pakati pa abale. Makolo amene anakonza cotero anadziwa mtima wa munthu.

Mankhwala a zambiri za izi ali apafupi. Mkuru ali yense pakunka kukayendera nyumba atenge mnyamata mmodzi wa makhalidwe abwino, amve umo afunsira, umo akhalira cete, umo apempherera. Mlangizi atenge mai wacitsikana momwemo. Sukulu za ubusa, ya pa Nkhoma ndi ya ku Zomba imene inatsegulidwa mu 1977, ziphunzitsa abusa. Koma akuru a mpingo aphunzitsidwa pa njira ya pakati pa nyumba ndi nyumba, ndipo sukulu imeneyo ikatsekedwa palibe Sinodi imene ingaitsegule ndi cikalata.

Catsala cimodzi, ndico ca ana athu amene ali kutali. Kuyambira kale anyamata a dziko lino anapita ku Harare ndi ku migodi kukafuna nchito. Ndipo Akristu mwa iwo anayamba kusonkhana okha m'makomboni, wina kuwerenga Mau, wina kutsogolera nyimbo, napempha kwao kuti awatumizire mbusa. Vlok, yemwe uja wa pa Mvera, anapita kukakhala nao mu 1912, ndipo mbeu imeneyo inakula kufikira kukhala Sinodi ya Harare, imene inalandiridwa mu C.C.A.P. mu 1965. Lero ana a mpingo uno ali ku Lilongwe, ku minda ya fodya ya ku Kasungu, ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja. Ambiri anacoka opanda kalata ya kusamuka. Maina ao akali m'buku la kuno, nawerengedwa caka ndi caka pakati pa Akristu a dera lakuti, kumene akhala sadziwika ndi mpingo uli wonse. Tipempha kuti bwalo la akuru likadzakhala pambuyo pa Cikondwerero cino, mkuru ali yense adze ndi maina a anthu a dera lace amene sanaoneke pa Mgonero kawiri kotsatana, awagawe pawiri, amene ali pamudzi ndi amene anasamuka. A pamudzi ayenderedwe mwezi usanathe, ndipo za osamukawo afunse kwa makolo ao nambala ya lamya ndi dzina la malo, kuti mlembi wa mpingo alembere mpingo wa kumeneko ndi kutumiza makalata ao.